Abakha a Pakhomo: Chakudya Chimodzi, Kashiamu Pambali

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu, kenako itsike pang'onopang'ono.)

WOULUTSA:  Takulandirani ku pulogalamu yathu ya zaulimi, ndipo lero tikamba za abakha. Kuyambira ku Karonga, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, mpaka kuchigwa cha Shire, ngakhalenso m'matauni, makomo ambiri ali ndi abakha. Pabwalo pamakhala wamphongo mmodzi kapena awiri ndi aakazi angapo. Wina akuikira, wina ali pa mazira, wina akuyenda ndi tiana take, ndipo onsewa amadyera m'beseni limodzi. Kodi m'besenimo mukhale chiyani kuti aliyense apeze zimene thupi lake likufuna? Nanga kashiamu, amene amapanga chigoba cha dzira ndi mafupa, timupereke bwanji? Kuti atithandize pa mafunso amenewa, ndili ndi mlangizi wa ziweto. Bambo, takulandirani.

MLANGIZI: Zikomo kwambiri mayi. Moni kwa alimi onse amene akutimvera.

WOULUTSA: Alimi ambiri amati bakha ndi chiweto chosavuta. Amadzifunira yekha chakudya, ukangomuwazira madeya basi watha. Kodi n'zoona?

MLANGIZI: Mbali ina n'zoona. Bakha ndi wolimba, ndipo amadziwa kusakasaka. Amadya msipu wanthete, nkhono, nyongolotsi, ziwala ndi chiswe. Chitopa chikalowa m'mudzi n'kupulula nkhuku, abakha nthawi zambiri amatsala, ngakhale kuti amatha kunyamula kachilomboko n'kupatsira nkhukuzo. Koma kukhala ndi moyo n'kosiyana ndi kupindulitsa mwiniwake. Bakha wa madeya okhaokha amaikira mazira ochepa, ena ofewa, ena osweka pansi pa make asanaswe. Tiana timakula mochedwa, tina timapindika miyendo. Mlimi amati ndi tsoka, chonsecho vuto lili m'beseni.

WOULUTSA: Tisanafike pa besenilo, kodi abakha onse ndi amodzi?

MLANGIZI: Ayi. Ambiri amene timaweta m'midzimu, aja okhala ndi khungu lofiira lamanyamanya kumaso, osalira mokweza, ndi a mtundu wa Muscovy. Kwawo kwenikweni ndi ku South America ndi Central America. Wamphongo amatha kufika makilogalamu 4 kapena 5, pamene wamkazi amalemera pafupifupi theka lake. Wamkazi amaikira mazira 10 mpaka 16, n'kusiya, n'kuwakhalira masiku 35. Palinso a mtundu wa Pekin, oyera mbee, ochokera ku China, amene amawetedwa makamaka chifukwa cha nyama. Ena ndi a Khaki Campbell, amene mayi wina wa ku England, Adele Campbell, anawapanga pokweranitsa mitundu ingapo cha m'ma 1900. Amenewa akamadya bwino amatha kuikira mazira 250 mpaka 300 pa chaka, ndipo sakonda kukhalira mazira. Mazira a Pekin ndi a Campbell amaswa pa masiku 28.

WOULUTSA: Kusiyana kumeneku kukukhudzana bwanji ndi chakudya?

MLANGIZI: Kukukhudzana kwambiri. Campbell amafuna kashiamu wambiri pafupifupi tsiku lililonse. Muscovy amamufuna kwa masabata awiri kapena atatu pamene akuikira, kenako akakhala pa mazira samufunanso wambiri. Wamphongo saikira n'komwe. Kamwana ka masabata awiri kakungomanga mafupa ndi mnofu. Ndiye pabwalo limodzi pali zosowa zinayi kapena zisanu zosiyana, ndipo zimasinthasintha mwezi ndi mwezi.

(Nyimbo yaifupi.)

WOULUTSA: Bambo, tifotokozereni bwino za kashiamuyu. N'chiyani kwenikweni?

MLANGIZI: Ndi umodzi mwa michere ya m'thupi, koma si mchere wothira m'ndiwo ayi. Ndi amene amalimbitsa mafupa, ndipo amathandiza minofu kugwira ntchito, kuphatikizapo minofu imene imakankha dzira kuti lituluke. Chigoba cha dzira pafupifupi chonse ndi mwala wa laimu, ndipo magawo 4 pa magawo 10 alionse a mwala umenewu ndi kashiamu. M'chigoba cha dzira limodzi la bakha muli kashiamu wokwana magalamu 2 kapena kuposerapo. Tsono chimanga chili ndi kashiamu wochepa kwambiri, wosaposa theka la galamu pa kilogalamu yathunthu. Kuti bakha apeze magalamu 2 m'chimanga chokha, ayenera kudya makilogalamu osachepera 4. Komatu bakha wamkulu amadya magalamu 150 mpaka 200 okha pa tsiku. Madeya nawonso ali chimodzimodzi, kashiamu wake ndi wochepa zedi.

WOULUTSA: Nanga bakha wa madeya okha amaikira bwanji mazira a chigoba? Timawaona ndithu.

MLANGIZI: Amatapa m'mafupa ake. Kutatsala masabata ngati awiri kuti ayambe kuikira, bakha wamkazi amapanga fupa lina lofewa m'kati mwa mafupa a miyendo, ndipo mmenemo amasungamo kashiamu. Tingati ndi nkhokwe yake. Chigoba chimapangika kwa maola ambiri, makamaka usiku, nthawi imene bakha sakudya. Ndiye usiku amatapa m'nkhokwemo, masana akadya n'kubwezeramo. Chakudya chikakhala chopanda kashiamu, amangotapa osabwezera. Nkhokwe ikatha, thupi limayamba kusungunula mafupa enieniwo.

WOULUTSA: Mlimi angazindikire bwanji kuti zafika pamenepo?

MLANGIZI: Poyamba chigoba chimakhala chopyapyala, chosweka msanga. Kenako mumapeza dzira lofewa, lachikopa chokha. Bakha amayamba kutsimphina, kukhala pansi nthawi yaitali, kapena kulephera kuimirira m'mawa. Ena amayamba kuswa mazira awo omwe n'kumadya zigoba. Choopsa kwambiri ndi dzira kukanirira m'mimba. Bakha amangodzikankha, mchira uli pansi, osadya. Zikatere musamufinye pamimba, chifukwa dzira likaswekera m'kati amafa. Muikeni pamalo ofunda ndi abata, mumupatse madzi, ndipo itanani mlangizi wa ziweto msanga.

WOULUTSA: Ndiye bakha woikira amafuna kashiamu wochuluka bwanji?

MLANGIZI: Mu 1994, bungwe la akatswiri la National Research Council ku America linatulutsa miyezo ya zakudya za nkhuku, abakha ndi mbalame zina zoweta. Kwa abakha a Pekin oikira, linati pa kilogalamu iliyonse ya chakudya pakhale kashiamu wokwana magalamu 27 ndi theka. Kwa tiana ndi abakha amene akukula, magalamu 6 kapena 6 ndi theka okha. Mukuona kuti woikira amafuna kuposa kanayi poyerekeza ndi amene akukula.

WOULUTSA: Ngati ndi choncho, bwanji mlimi asangogula layers mash, chakudya cha nkhuku zoikira chija, n'kupatsa abakha onse? Aliyense akhuta kashiamu, nkhani yatha.

MLANGIZI: Apa ndi pamene alimi achangu, ofuna kuchita bwino, amapwetekera ziweto zawo. Layers mash amakhala ndi kashiamu wokwana magalamu 35 mpaka 40 pa kilogalamu. Kwa woikira n'zabwino, chifukwa kashiamuyo amatuluka ndi dzira. Koma wamphongo ndi kamwana alibe dzira loti amutulutsire. Ntchito yonse imagwera impso. Zikalemedwa kwa nthawi yaitali, impso zimawonongeka, mumapangika timiyala, ndipo zoipa zimene zimayenera kutuluka ndi zitosi zimatsalira m'thupi. Bakha wotere mukamupha mumapeza zoyera ngati choko zitakuta mtima ndi chiwindi. Kwa tiana palinso vuto lina. Kashiamu akachuluka amatsekereza mchere wina wotchedwa fosifolasi, umene umagwira naye ntchito limodzi pomanga mafupa. Mapeto ake kamwana kodya kashiamu wambiri kamakhala ndi mafupa ofooka, mofanana ndi kamene sikakumupeza.

WOULUTSA: Nanga mlimi amene wagula kale thumba la layers mash atani? Alitaye?

MLANGIZI: Asataye. Bakha wamphongo wamkulu akadyako masiku ochepa safa. Amene ali pangozi yeniyeni ndi tiana ndi abakha amene sanafike msinkhu woikira. Mlimi wotere azitsekera oikirawo paokha nthawi yodya, adye layers mash wawo, enawo adye chawo. Koma kupatula ziweto kawiri pa tsiku ndi chintchito, ndipo ambiri amatopa nazo. Pali njira yapafupi.

(Nyimbo yaifupi.)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za kadyetsedwe ka abakha a pakhomo. Bambo, njira yapafupiyo ndi iti?

MLANGIZI: Chakudya chikhale chimodzi cha onse, chokhala ndi kashiamu wochepa, wokwanira amene akukula. Ngati mumagula, gulani growers mash. Kenako pambali muike kambale kena ka kashiamu yekha, kazikhala pamenepo tsiku lonse, chaka chonse. Musasakanize ndi chakudya. Mbalame yoikira imakhala ndi njala yakeyake ya kashiamu. Thupi likamufuna, imapita yokha pa kambaleko, makamaka chakumadzulo pamene chigoba chatsala pang'ono kuyamba kupangika. Wamphongo amangojomphako pang'ono n'kuchoka. Amene ali pa mazira sakhala nako ndi chidwi, koma akayandikira kuikiranso amabwerera yekha. Mlimi safunika kudziwa kuti lero akuikira ndi uti. Bakha mwiniwake amadziwa.

WOULUTSA: M'kambalemo tiikemo chiyani? Alimi ambiri alibe ndalama zogulira zinthu za m'sitolo.

MLANGIZI: Zambiri zili pakhomo pomwepo. Choyamba ndi zigoba za mazira, a nkhuku kapena a bakha. Zitsukeni, muziwiritse kapena kuzikazinga pa chiwaya kwa mphindi ngati 10 kuti tizilombo toyambitsa matenda tife, kenako muziphwanye. Kuphwanya kumathandizanso kuti bakha asazolowere kuona chigoba chathunthu ngati chakudya, n'kuyamba kuswa mazira m'khola. Koma dziwani kuti zigoba za mazira a pakhomo panu pokha sizingakwane. Si kashiamu yense amene bakha wadya amalowa m'magazi, wina amatuluka ndi zitosi. Komanso mazira ena mumagulitsa ndi zigoba zake. Ndiye onjezerani. Pemphani zigoba kwa ogulitsa tchipisi ndi mazira, kapena kwa ophika mandasi, amene amangozitaya.

WOULUTSA: China?

MLANGIZI: Zigoba za nkhono, kaya zakumtunda kaya za m'mbali mwa nyanja. Nazonso ziwiritseni, muziyanike, muzisinje. Koma pano ndichenjeze makolo. Nkhono zina za m'madzi ndi zimene zimasunga tizilombo ta likodzo, ndipo tizilomboto timalowa pakhungu munthu akaponda m'madzimo. Musatume ana kukavuvula m'madambo ndi m'zithaphwi kuti akatole nkhono. Tolani zigoba zouma zimene zili kumtunda. Chachitatu ndi mafupa a ng'ombe, mbuzi kapena nsomba. Awotcheni mpaka ayere, muwasinje. Ubwino wa mafupa ndi wakuti ali ndi kashiamu ndi fosifolasi yemwe, n'chifukwa chake ufa wake umayenera kulowa pang'ono m'chakudya cha onse. Chachinayi ndi laimu wa ziweto, amene ndi mwala wa laimu wongogaya.

WOULUTSA: Laimu ameneyu ndi yemwe uja timapakira nyumba?

MLANGIZI: Ayi mayi, ndipo omvera amvetsetse pamenepa. Miyala ya laimu imakumbidwa muno m'Malawi momwe, monga ku Balaka. Ina imangogayidwa, ina imawotchedwa. Laimu wowotcha, uja wopaka nyumba kapena wothira m'chimbudzi, amawotcha m'kamwa ndi kummero. Musapatse chiweto chilichonse. Laimu wothira m'munda nayenso samalani naye, chifukwa wina, wotchedwa dolomite, ali ndi mchere wa maginiziyamu wambiri umene umatsegula m'mimba ndi kuwononga chigoba. Gulani laimu m'sitolo ya zakudya za ziweto, ndipo nenani momveka kuti mukufuna wodyetsa nkhuku ndi abakha.

WOULUTSA: Posinja zigobazi, zisalale ngati ufa?

MLANGIZI: Zisafike pa ufa. Zikhale tizidutswa tokula ngati njere ya mpunga kapena kuposerapo pang'ono. Ufa umadutsa msanga m'mimba. Tizidutswa timatsalira m'nthutumba, n'kumasungunuka pang'onopang'ono usiku wonse, nthawi yeniyeni imene chigoba chikupangika. Pamenepo bakha satapa kwambiri m'mafupa ake. Ndiwonjezere kuti zigoba sizilowa m'malo mwa timiyala. Bakha alibe mano, amapera chakudya m'nthutumba pogwiritsa ntchito mchenga ndi timiyala tolimba. Woyenda pabwalo amatola yekha. Wotsekeredwa m'khola muikireni mchenga wa kumtsinje wokhala ndi timiyala m'kambale kachitatu.

WOULUTSA: Kambale ka kashiamu kayambe kuikidwa abakha ali a msinkhu wanji?

MLANGIZI: Campbell amayamba kuikira ali ndi miyezi ngati 5, Muscovy miyezi 6 kapena 7. Kambaleko kakhalepo asanafike msinkhu umenewu, kuti ayambe kuikira mafupa ali odzaza. Pakhomo pamene pali kale oikira, kangokhalapo nthawi zonse. Kaikeni pamalo okwera pang'ono, monga pa njerwa ziwiri, kuti tiana ting'onoting'ono tisafikire, komanso pamalo osanyowa ndi mvula.

(Nyimbo yaifupi.)

WOULUTSA: Tsopano tibwere ku chakudya cha onse chija. Mlimi amene sangakwanitse growers mash angapange yekha?

MLANGIZI: Angathe. Madeya ndi chimanga zimapereka mphamvu, koma zomanga thupi n'zochepa, pafupifupi magawo 9 kapena 10 pa 100 alionse. Bakha amene akukula, ngakhalenso woikira, amafuna magawo 15 mpaka 17. Nachi chitsanzo cha makilogalamu 10. Tengani makilogalamu 7 ndi theka a madeya osakaniza ndi chimanga chogaya. Onjezerani kilogalamu imodzi ndi theka ya soya wokazinga ndi kugaya. Kenako theka la kilogalamu ya nsomba zouma zosinja, monga bonya kapena zinyenyeswa za usipa ndi matemba zimene zimatsalira pansi pa thumba kumsika. Theka lina la kilogalamu likhale masamba ouma osinja, monga cham'mwamba, kholowa kapena chisoso. Pomaliza thirani magalamu 100 a ufa wa mafupa ndi magalamu 30 a mchere, amene ndi masupuni aakulu awiri osadzaza kwambiri. Ngati nsombazo zili kale ndi mchere, musathirenso. Kumadera a mpunga, gawo lina la madeya a chimanga lingalowedwe m'malo ndi madeya a mpunga osalala, opanda mankhusu.

WOULUTSA: Mwatsindika kuti soya akhale wokazinga. Chifukwa chiyani?

MLANGIZI: Soya wamuwisi ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa mimba kugaya zomanga thupi. Chiweto chimadya koma sichikula. Moto umathetsa vuto limeneli. Mukazingeni mpaka asinthe mtundu pang'ono ndi kununkhira, koma asapserere. Chinangwa chowawa nachonso musapereke chachiwisi. Chisendeni, muchiviike ndi kuchiyanika monga timachitira pokonza kondowole. Masamba, makoko ndi nthanga za mapeyala ndi poizoni kwa mbalame, musaziponye kumene abakha amadyera.

WOULUTSA: Nanga tiana tongoswedwa kumene tidye chomwechi?

MLANGIZI: Masabata awiri oyamba timafuna zomanga thupi zambiri, magawo 20 mpaka 22 pa 100. Ngati mumagula, ndi chick mash. Ngati mukupanga nokha, pa makilogalamu 10 ikani 6 a chimanga chogaya bwino, 3 a soya wokazinga ndi 1 ya nsomba. Kuti akuluakulu asatilande, pangani kakhola ka nsungwi kokhala ndi mipata yoti tiana tokha tizilowa, muike chakudya chawo m'katimo. Pakatha masabata awiri kapena atatu, yambani kutisinthira ku chakudya cha onse. Musapitirize chakudya champhamvu chija kwa nthawi yaitali. Bakha akakula mothamanga kwambiri, nthenga za kumapiko zimalemera mafupa asanakhwime, ndipo nsonga ya phiko imapindikira kunja osabwereranso.

WOULUTSA: Alimi ena amadandaula kuti tiana tawo tikupindika miyendo ngakhale kuti akutipatsa chick mash. Kodi ndi kashiamu yemweyu?

MLANGIZI: Kawirikawiri si iye, ndipo kuwonjezera laimu pamenepo kumangokulitsa vuto. Pali vitamini wina wa gulu la B wotchedwa niacin. Bakha amafuna mamiligalamu 55 pa kilogalamu ya chakudya, pamene anapiye a nkhuku amakwanitsidwa ndi 27 mpaka 35. Chakudya chopangidwira anapiye chikhoza kuperewera kwa bakha. Chimanga chili naye vitaminiyu, koma ndi womangika, thupi silitha kumutenga. Akasowa, mfundo za miyendo zimatupa, miyendo imapinda ngati uta, kamwana kamayenda pang'ono n'kukhala pansi. Vitaminiyu amapezeka mu nsomba, mtedza, madeya a mpunga ndi yisiti, komanso m'mavitamini osungunula m'madzi amene amagulitsidwa m'masitolo a mankhwala a ziweto. Mukazindikira msanga tiana timachira. Mukachedwa miyendo siiwongokanso.

WOULUTSA: Mwatchula mtedza. Kumudzi, mtedza ndi chimanga chowola timakonda kuponyera ziweto.

MLANGIZI: Chizolowezi chimenechi chimapha abakha ambiri. Chuku chimene chimamera pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu anadziwika mu 1960, nkhukundembo zoposa 100,000 zitafa ku England chifukwa cha chakudya chokhala ndi mtedza wa chuku wochokera ku Brazil. Pa mbalame zonse zoweta, tiana ta abakha tili m'gulu la zimene sizimupirira ngakhale pang'ono, moti akatswiri ankatigwiritsa ntchito poyeza ngati chakudya chili ndi poizoniyu. Amawononga chiwindi, ndipo kuphika kapena kukazinga sikumuthetsa. Mtedza wofota, wakuda kapena wowawa, ndi madeya onunkha chinyezi kapena oundana, zikwirireni. Madeya ochokera kuchigayo amakhala onyowa, ayanikeni tsiku lomwelo mpaka aume gwaa musanawasunge.

(Nyimbo yaifupi.)

WOULUTSA: Bambo, sitingakambe za abakha osatchula madzi.

MLANGIZI: Zoonadi. Bakha amadya pang'ono, n'kumwa, n'kudyanso. Chakudya chouma popanda madzi pafupi chikhoza kumutsamwa. Dziwe losambira si lofunika kwenikweni, koma madzi akhale akuya moti amize mutu wonse, atsuke mphuno ndi maso. Kwa tiana, ikani mbale yosaya yokhala ndi miyala m'kati kuti tisamire kapena kunyowa n'kuzizidwa. Walira mvula walira matope: woweta abakha avomere kusintha madzi tsiku lililonse, kawiri ngati n'kotheka. Bakha wosamwa mokwanira impso zake zimavutika, ndipo kuikira kumaima. Ngati mumanyowetsa chakudya, nyowetsani chokhacho chimene angathe pasanathe theka la ola, chifukwa chotsala chimasasa. Mkute wa nsima ndi wabwino ngati ulibe chuku. Chiweto chikafa, chikwirireni mozama. Bakha akadya nyama yowola kapena mphutsi zake amatha kufooka khosi, mutu n'kugwera pansi, ndipo ambiri sapulumuka.

WOULUTSA: Kodi kadyetsedwe kamasintha ndi nyengo?

MLANGIZI: Kamasintha. M'dzinja kunja kumakhala msipu, nkhono, ngumbi ndi nyongolotsi, ndiye abakha oyendayenda amapeza gawo lalikulu okha. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, pabwalo pamakhala fumbi lokha. Imeneyi ndi nthawi yowonjezera chakudya ndi kuwadulira masamba a kudimba. Dyetsani kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo. Chakudya chamadzulo chimathandiza woikira usiku, komanso chimazoloweretsa abakha kubwerera okha kukhola. Bakha amaikira m'bandakucha ndi m'mawa, choncho atsegulireni cha m'ma 9 koloko kuti mazira asatayike kuthengo. Ikani zodyera ziwiri kapena zitatu motalikirana, chifukwa Muscovy wamphongo ndi wamphamvu, amathamangitsa anzake pa beseni. Wamphongo mmodzi amakwanira aakazi 4 mpaka 6. Otsalawo gulitsani kapena idyani, chifukwa amangotha chakudya ndi kuvutitsa aakazi.

WOULUTSA: Funso lomaliza. Mlimi waika kambale ka zigoba, koma akupezabe mazira ofewa. Walakwitsa pati?

MLANGIZI: Ayambe waona zinthu zingapo. Bakha wongoyamba kumene kuikira amatha kutulutsa dzira limodzi kapena awiri ofewa, kenako zimakhazikika. Wokalamba chigoba chake chimapyapyala. Mu Okutobala ndi Novembala kukatentha, bakha amadya pang'ono ndi kupuma mwawefuwefu, ndipo zimenezi zimafooketsa chigoba. Mthunzi ndi madzi ozizira zimathandiza. Kudzidzimutsidwa usiku ndi galu kapena vungo kumachititsanso dzira kutuluka chigoba chisanathe. Chinanso ndi dzuwa. Kuti kashiamu achoke m'matumbo n'kulowa m'magazi pamafunika vitamini D, amene thupi limapanga likawombedwa ndi dzuwa. Abakha otsekeredwa m'khola lamdima akhoza kukhala ndi zigoba zodzaza mbale koma osapindula nazo. Ngati zonsezi zili bwino koma abakha angapo akuikirabe mazira ofewa, kapena akuoneka odwala, mwina ndi matenda. Pitani kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu. Safunsa anadya phula.

WOULUTSA: Nthawi yatithera. Mawu anu otsiriza kwa alimi ndi otani?

MLANGIZI: Alimi anzanga, gwirani zinthu zinayi izi. Choyamba, madeya okha sakwanira, onjezerani soya wokazinga, nsomba ndi masamba. Chachiwiri, musadyetse layers mash tiana ndi abakha amphongo, ndipo musathire laimu wambiri m'chakudya cha onse. Chachitatu, ikani kambale ka zigoba zowiritsa ndi zophwanya pambali, ndipo kasamakhale kopanda kanthu. Chachinayi, chakudya cha chuku chisafike kwa bakha, ndipo madzi aukhondo asasowe pafupi ndi chakudya. Kambale ka zigoba sikafuna ndalama. Yambani kusunga zigoba za mazira lero lomwe.

WOULUTSA:   Omvera, zimene mwamvazi kauzeniko anzanu oweta abakha kumudzi kwanu ndi m'makalabu anu a zaulimi. Tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino. Tsalani bwino.

(Nyimbo yotsekera.)